Nkhanga zinapangana kusanapse, inu mwapangana ndi int?

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Iwo ankanena za moto wa kutchire, koma mwambiwu ndi wofunika kuukhoma pamwamba pa kompyuta ya mnyamata aliyense amene wangotuluka ku Mzuni, ku Luwinga kuja, n'kuyamba kulemba mapulogalamu.

Tinene kuti alamu anu ali ndi shopu ya malata ndi simenti ku Katoto, ndipo akupemphani kapulogalamu kowerengera ndalama. Mwasankha int wa 32-bit, ndalama mukuzisunga m'matambala. Int ameneyu malire ake ndi 2,147,483,647, kutanthauza K21,474,836.47 basi. Kale munthu wa ndalama zimenezi ankamuvulira chipewa. Koma kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo lero shopu yamalata siichedwa kufika pamenepo. Moto wake ndi umenewo. Tambala imodzi ikangoonjezereka, mu Java nambala ija imatembenuka kukhala negetivu, mwakachetechete. Alamu agona ali mpondamatiki, adzuka ali ndi ngongole yoti sanaidye n'komwe. Inu pa Khrisimasi musakapondeko. Chikhalirecho mankhwala ake anali zilembo zinayi zokha: long.

Wina ati, ndiye ndithawire kwa float. Ayi ndithu. Funsani Python kuti 0.1 kuphatikiza 0.2 ndi zingati, akuyankhani 0.30000000000000004, chifukwa m'manambala a kompyuta a 0 ndi 1, 0.1 sakwana ndendende. Kanyenyeswa kameneko kakachulukana m'buku la banki mkhonde ku Chibavi, amene adzatchedwe wakuba ndi amayi msungichuma, pomwe kompyuta ili phee. Ndalama zimafuna Decimal.

Nambala ya foni ndiye musaiyese nambala n'komwe. Ndani anaphatikizapo ya TNM ndi ya Airtel kuti apeze yankho? Mukaiika mu int, ziro wakutsogolo amathawa. Mukayamba ndi 265, manambala 12 aja salowa. Isungeni ngati mawu.

Ndipo si ife tokha. Pa 4 Juni 1996, roketi ya azungu ya Ariane 5 inaphulika isanathe ndi mphindi imodzi yomwe m'mwamba, pulogalamu itayesa kukanikiza nambala ya 64-bit m'malo a 16-bit. Amenewotu anali akatswiri a madigiri, ndipo magetsi sanawathimire tsiku limenelo.