Za Mphete, Phulusa ndi Miyala Yabuluu pa Ngabu

Chala cha mkwatibwi wina chagwedeza Ngabu. Akuti ukwati utangotha masabata ochepa, mwana wamkaziyu anadzuka m'mawa n'kupeza pamene pamakhala mphete patabiriwira kuzungulira chala chonse. Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali ili kumjigo. Pofika madzulo inali itakwera kabaza mpaka ku Miseu Folo, ndipo kumeneko inakafika chala chitatupa kale, mwini wake ali kuchipatala, pamene iye anali pakhomo akusinja mapira.

Azakhali ake anati izi n'zamankhwala, alipo amene sanakondwe ndi ukwatiwu. Akuchimuna anati anapusitsidwa ndi wogulitsa mumzinda, amene analumbira kuti ndi golide weniweni. Amene analasa ndi mtsikana woluka tsitsi pa saluni ina kumsika. "Asisi, mpheteyo ndi yamkuwa, golide anangopaka pamwamba. Inetu zanga zonse zimatero ukafika Okutobala." Amanena zoona. Mkuwa ukakumana ndi thukuta, mchere ndi sopo wotsalira pansi pa mphete, umatulutsa zobiriwira zija, ndipo zimachoka ndi madzi ndi sopo. Tsono kuno ku Chigwa, kumene Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, thukuta silisowa. Mijigo yathu yambiri nayonso ndi ya madzi amchere. Mphete imene ku Dedza ingathe chaka ikunyezimira, kuno mvula isanagwe imakhala itaulula kale za mumtima mwake.

Nkhani ya chala inatsegula ina yaikulu: kodi zinthu zimenezi timatsuka bwanji? Apa ndiye Ngabu yense ndi katswiri.

Gulu lalikulu ndi la phulusa ndi mchenga. Mtsogoleri wake, kunena kwa amayi a banki mkhonde, ndi agogo ena amene amavala zibangili zamkuwa kuyambira ali mtsikana. Iwo amanyika bwemba m'madzi, n'kutikita zibangili ndi madzi owawasawo pamodzi ndi kaphulusa, n'kutsukuluza, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Zimatuluka zili psuu. Agogowo sakulakwa, chifukwa kuwawasa kwa bwemba kapena ndimu kumasungunula dzimbiri la mkuwa, ndipo chibangili chawo ndi mkuwa mpaka mkati, palibe choti chisupuke. Vuto linabwera pamene mdzukulu wawo anatengera nzeruyo pa ndolo zake zogula pa benchi. Anakwecha mokhulupirika ngati akukwecha poto wa nyemba zopserera. Atatambasula kansalu anapeza chikasu chonse chili pansalu, ndolo zili mbuu m'manja. Akuti anathamangira kwa agogo akulira, agogowo n'kumuyankha kuti, "Mwanawe, ine ndinakuuza za zibangili, za ndolo unandifunsa liti?" Golide wopaka amakhala wopyapyala kuposa tsitsi, moti ngakhale kupukuta mwamphamvu ndi nsalu yokhakhala kumamudya pang'onopang'ono.

Anyamata a kabaza ndi a njinga zamoto ali ndi chipani chawo, cha Colgate ndi mswachi. Amati tcheni chimawala pompopompo, ndipo chimawaladi. Koma mankhwala otsukira mano ali ndi timchenga tosaoneka topangidwira mano, pamene golide ndi siliva n'zofewa kwambiri kuposa dzino. Kuwala kwa lero ndi timikwingwirima ta mawa, ndipo m'timikwingwirimamo ndi mmene litsiro limakakhazikika. Mnyamata wina atauzidwa zimenezi anati tcheni chake chinakalika kale pa ngozi ya pa msewu wa M1, palibenso chimene Colgate angawonjezere. Anzake anamuwombera m'manja.

Amene amandidetsa nkhawa ndi a chipani cha Jik. Pali amayi amene amati chilichonse chimene chathimbirira chigone usiku mu Jik. Chonde, amayi anga, musatero. Kolorini amadya zitsulo zimene amasakaniza ndi golide kuti alimbe, makamaka polumikizira ndi pa timano togwira mwala. Mphete imaoneka bwinobwino, kenako tsiku lina ingothyoka kapena mwala n'kugwera mu ufa. Siliva ndiye amada nthawi yomweyo. Pochapa ndi Jik kapena posungunula kolorini wothira m'madzi, mphete iyambe yavulidwa.

Pa bawo pansi pa mtengo nkhani inatembenuka n'kukhala yoyesa golide. Bambo wina wobwera ku Joni anavula mphete yake n'kuionetsa padzuwa kuti anthu awerenge tinambala ta mkati: 375. Anati umenewo ndi umboni, ndipo akulondola, ngakhale anzake anaseka atamva tanthauzo lake, loti pa magawo 1,000 alionse golide ndi 375 okha. Ameneyo ndi golide wa makarati 9, wofala pa mphete za ukwati za ku South Africa. Wa makarati 18 amalembedwa 750, siliva wabwino 925. Mnzake anatulutsa maginito a mu sipika yakufa n'kunena kuti chimene sichikakamira ndi golide. Atayesa, chibangili chamkuwa nachonso sichinakakamire, ndipo bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Maginito amagwira wakuba mmodzi yekha, wachitsulo. Wina anati aluma kuti aone, mwini mphete n'kuti, "Alamu, mano anuwo akalume chimanga." Wachitatu anati aitengere ku Reserve Bank, popeza kuyambira 2021 banki imeneyi imagula golide kwa okumba ang'onoang'ono. Anamukumbutsa kuti kumeneko amafuna wa m'nthaka ndi m'mitsinje, ngati amene anthu amasefa ku Lisungwi ku Neno, osati wa pachala cha munthu wapabanja.

Nkhani ya siliva inachokera kukwaya. Mayi wina kamtanda kake ka m'khosi kanada bii, ndipo panayamba manong'onong'o oti siliva amada pa munthu wa magazi oipa. Izi zinamupweteka mayiyo, ndipo n'zabodza. Siliva amada chifukwa cha salufa, amene ali mumpweya, m'thukuta, m'mazira, mu anyezi ngakhale mu labala womangira ndalama. Mphunzitsi wina wa sayansi ndiye anathetsa mlandu pakhonde, amayi akuonerera. Anatenga kapoto ka aluminiyamu kotsuka bwino, n'kuthiramo madzi otentha, supuni ya soda yemweyu wa therere ndi kamchere. Anaponyamo kamtanda kuti kakhudze pansi pa poto. Timathovu tinayamba kukwera, panamveka kafungo ka dzira lowola, amayi n'kugwira mphuno. Patapita mphindi zochepa anakavuula ndi supuni kali mbee, popanda kukwecha ngakhale kamodzi. Salufa uja anasamuka kuchoka pa siliva kupita pa poto. Aphunzitsiwo anachenjeza kuti njirayi ndi ya siliva wopanda mwala, chifukwa madzi otentha amasungunula guluu wogwira timiyala. Chenjezolo silinayende mtunda wautali ngati nkhani ya fungo.

Ina imakambidwa motsitsa mawu. Akuti mphete ya golide ya mayi wina inachita mawanga oyera, ndipo anzake anadziwa msanga mafuta amene amadzola. Ena mwa mafuta oyeretsa khungu amakhala ndi mekyule, ndipo mekyule akakhudza golide amalowerera n'kumuyeretsa. Amayi pa saluni amaseka kuti mphete ndi kazitape. Ine ndimaganiza za impso za mayiyo, chifukwa chimene chikuwononga chitsulo pachala chikulowanso m'thupi.

Koma pa zonse zimene ndamva, imene yandikhala pamtima ndi ya miyala. Mkulu wina amene wakhala akukumba miyala kwa zaka zambiri anamvetsera mkangano wa ndolo mpaka anatopa. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kamwala kooneka wamba, kokhakhala kunja. Anakanyowetsa ndi malovu mbali yoswekayo n'kukatembenuzira kudzuwa. Munali mizere yabuluu wotuwira ndi yoyera, yosanjikizana mopindikapindika, ndipo kuwala kumalowa mkati pang'ono. "Ana inu," anatero, "mukulimbana ndi magalasi a pa benchi, mwala weniweni mukuuponda."

Umenewu ndi agate wabuluu, ndipo amalonda a miyala kunja amaudziwa ndi dzina la Ngabu lomweli. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo dera lino linakutidwa ndi chiphalaphala chamoto chochokera pansi pa nthaka. Pozizira chinasiya timapanga ta mpweya, ndipo madzi okhala ndi silika ankalowamo n'kumasiya mzere pamwamba pa mzere mpaka timapangato tinadzaza. N'chifukwa chake mwalawu umatuluka ngati mibulu m'thanthwe lakuda. Dziko lathu lili nayo miyala yotere: ruby ndi sapphire pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, aquamarine ku Mzimba, ndi agate kuno kwathu. Wathuyu wakhala akuchoka m'matumba osasemedwa, n'kukadulidwa ndi kupukutidwa kutali. Ku Germany kuli tauni ya Idar-Oberstein imene inatchuka kwa zaka mazana ndi ntchito yosema agate. Zimandiwawa kuti mtsikana wa pa Ngabu akhoza kukula mpaka kukwatiwa osavalapo mwala wa kwawo. Makina odulira ndi kupukutira miyala si aakulu kuposa chigayo, ndipo ndikulakalaka tsiku limene mmodzi wa anyamata athu adzawayike pafupi ndi msika.

Mkuluyo anawonjeza za kasamalidwe, ndipo amayi anatchera khutu kuposa mmene anachitira kwa aphunzitsi. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, dayamondi ali pa 10, ruby ndi sapphire pa 9, agate pafupifupi pa 7, pamene golide ndi siliva sapitirira 3. Cholimba chimakala chofewa. Tsono kuponya ndolo, matcheni, mphete ndi makiyi m'chitini chimodzi n'kuzisiya zikumenyana usiku wonse. Chilichonse chikhale m'kansalu kake. Fumbi lathu lomweli lili ndi timchenga tolimba ngati agate, choncho kupukuta mphete youma ili ndi fumbi n'kuikala. Iyambe yaviikidwa m'madzi ofunda okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, kenako mswachi wofewa wa mwana udutse kuseri kwa mwala kumene mafuta odzola amaunjikana. Potsukuluza, madzi a mvula kapena a m'botolo ndi abwino kuposa a mjigo wamchere, amene amasiya zoyera akauma. Agate amamwa mafuta ndi utoto pang'onopang'ono, ndiye mafuta odzola ndi pafyumu ziyambe zauma pathupi mkanda usanavalidwe. Mayi wina anadandaula kuti njira imeneyi ndi yophweka kwambiri moti sakuikhulupirira. Anafuna china chake chothovoka.

Pali zinanso zing'onozing'ono. Abambo angapo mphete zawakanirira chifukwa zala zatupa ndi kutentha, ndipo mmodzi anafuna kupita kwa owotcherera kuti akadule. Mkazi wake anamuviika dzanja m'madzi ozizira, n'kulikweza m'mwamba, n'kupaka sopo, mphete n'kutuluka. Pamjigo akuti mayiyo anaivalitsanso pomwepo, bambo asanaganize zina.

Ndipo kumsika wa ziweto kuli nkhani ya mbuzi imene siikugulitsidwa. Mwini wake anavula ndolo imodzi posamba n'kuiika pamwala, ndipo akulumbira kuti anaona mbuziyo ikutafuna. Anaimangirira pakhomo, ana anapatsidwa timitengo ndi ntchito yofufuza m'mawa uliwonse. Ootcha kanyenya abwera kawiri ndi mtengo wabwino, mpaka kulonjeza kuti akaipeza m'matumbo abweza. Mayiyo wakana. Akuti ndoloyo anamugulira ndi malemu amayi ake, ndipo adikira.