Kodi akatswiri a kompyuta amakatani kutchire?

Ndithandizeni inu amene munapita patali ndi sukulu, chifukwa nkhani iyi ine yandiimitsa mutu. Kumadzulo kwa Germany, m'chigawo chaching'ono cha Saarland chomwe chinachita malire ndi France ndi Luxembourg, kuli katauni kotchedwa Wadern. Kunja kwa katauniko, m'mphepete mwa nkhalango, kuli chinyumba chakalekale, Schloss Dagstuhl, chomwe anamanga mu 1760 kuti muzikhala banja la mfumu ya deralo. Pambuyo pake masisitere ankasungiramo nkhalamba, mpaka boma la Saarland linachigula mu 1989. Kuyambira 1990, pafupifupi sabata ndi sabata kumafika akatswiri a sayansi ya kompyuta ochokera kumayunivesite ndi kumakampani a m'mayiko osiyanasiyana. Amafika Lamlungu madzulo, Lachisanu akangodya nkhomaliro n'kumapakira zikwama.

Kodi anthu amenewa si omwe aja anatipangira intaneti? Si iwowa anatiuza kuti munthu ali ku Tokyo angathe kuonana pamasom'pamaso ndi mnzake wa ku Toronto osadzuka pampando? Nanga bwanji eni akewo akafuna kukambirana zenizeni amakwera ndege mpaka ku Frankfurt, n'kukwera sitima maola ngati awiri kukatsikira pa kasiteshoni ka Türkismühle kapena St. Wendel, n'kudikiranso takisi yowafikitsa kutchire? Mliri wa korona utavuta mu 2020, iwonso anayesa zokumana pa kompyuta monga tonsefe. Utangozizira mliriwo, ulendo wa ku Wadern unayambiranso. Kodi pali chimene akudziwa za makina awowa chomwe ife ogula sanatiuze?

Ndiye pali nkhani ya ndondomeko. Ife semina timaidziwa: kalata imabwera italongosola zonse, pemphero nthawi yakuti, mlendo wolemekezeka nthawi yakuti, tiyi nthawi yakuti. Ku Dagstuhl chosasunthika ndi nthawi ya chakudya basi. Lolemba m'mawa aliyense amapatsidwa mphindi zowerengeka kuti anene dzina lake ndi vuto lomwe likumusowetsa tulo, ndipo zambiri zochita sabatayo amazipangana anthu atafika kale, n'kumazisintha tsiku ndi tsiku. Lachitatu masana amasiya zonse n'kupita kokawongola miyendo m'nkhalango. Taonani, anthu oti moyo wawo wonse amalembera makina malangizo osaphonya ndi kadontho komwe, ndondomeko ya masiku asanu yokha ikuwakanika? Kapena amachitira dala?

Funso lotsatirali ndikulifunsa motsitsa mawu. Alawansi amasaina nthawi yanji? Kwathu kuno wekishopu ikachitikira kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, ndi mwana yemwe amadziwa kuti pepala lofunika kwambiri ndi lija limayenda tsiku lomaliza. Ku Dagstuhl ndalama imayenda chobwerera. Woitanidwa ndiye amalipira chipinda ndi chakudya, ngakhale kuti mtengo wake ndi wotsitsidwa poti mbali yaikulu imachokera ku boma la Germany ndi maboma a zigawo, ndipo za ulendo amaonera yekha kapena yunivesite yake. Pulofesa wotanganidwa, woti kuti umuone uyambe wapempha kwa sekilitale, akutulutsa ndalama kuti akatsekeredwe sabata yathunthu ndi anthu omutsutsa. Amagulako chiyani?

Mwina amagula chakudya, poti akuti keke ya masana siphonya. Koma ngakhale pachakudyapo salola munthu kukhala ndi amene akumufuna. Pa nkhomaliro ndi pa mgonero ogwira ntchito amasakaniza timakadi ta mayina n'kutiyala pamatebulo mwachisawawa, ndipo pamene wapeza dzina lako ndi pomwe ukhale. Mnyamata amene akulimbana kumene ndi digiri yake yachitatu amapezeka wayandikana ndi agogo amene analemba buku lomwe iye ankaloweza ali chaka choyamba, ndipo kothawira kulibe mpaka mbale zitachotsedwa. Usiku amasonkhana kuchipinda cha vinyo komwe kumakhala tchizi, ndipo pa zakumwa palibe wogulitsa: watenga botolo, walemba wekha papepala, udzalipira tsiku lochoka. Apa ndiye ndagwira pakamwa. Ena mwa anthuwa ntchito yawo ndi yotipangira maloko a pa intaneti, mapasiwedi ndi manambala achinsinsi, poganiza kuti aliyense angakhale wakuba. Ndiye kuti akakhala okhaokha amakhulupirirana?

Amene amaidziwa ntchitoyi amati chinsinsi chagona pa zimene munthu amaloledwa kunena. M'sayansi ya kompyuta, mosiyana ndi maphunziro ena ambiri, dzina la munthu limakwera makamaka ndi mapepala amene alandiridwa kumisonkhano ikuluikulu ya pachaka. Pepala limayamba lapimidwa ndi akatswiri obisa mayina, ambiri amakanidwa, ndipo wamwayi amapatsidwa mphindi 15 kapena 20, mwinanso kungoima pambali pa chipepala chomata pakhoma kudikira odutsa. Pa msonkhano ngati NeurIPS pamafika anthu oposa 10,000. Pagulu lotero ndani angaimirire n'kunena kuti, akuluakulu, ndayesa zaka ziwiri koma zakanika? Aliyense amabweretsa zakupsa zokhazokha. Ku Dagstuhl anthu a semina imodzi sakwana ndi 50 omwe, pepala salifunsa pakhomo, ndipo munthu amaloledwa kuima pa bolodi ndi ganizo laliwisi kuti anzake aling'ambe. Izi ndazimva. Chikundisautsa n'chakuti, ngati kulongosolerana zokanika kuli kothandiza chotero, bwanji amakachitira kobisika, pamene misonkhano imene ophunzira ambiri amafikako imangoonetsa zotheka? Wophunzira amene sanaonepo pulofesa akufufuta zimene walemba pa bolodi chifukwa mnzake wamugwira cholakwa, adzadziwa bwanji kuti kafukufuku amayenda chopunthwa?

Nanga pomaliza amatulutsa chiyani? Kumakhala lipoti m'mndandanda wa Dagstuhl Reports, loti aliyense angawerenge ulere pa intaneti, ndi chithunzi cha gulu lonse litaima pamasitepe. Zokhazo? Ukafunsa choncho amakukumbutsa za 1956. Chaka chimenecho John McCarthy, Marvin Minsky, Nathaniel Rochester ndi Claude Shannon anasonkhanitsa anzawo pa koleji ya Dartmouth ku New Hampshire, atapempha thandizo ku Rockefeller Foundation ponena kuti anthu khumi atakhala pamodzi miyezi iwiri angasunthe kwambiri nkhani yophunzitsa makina chilankhulo ndi kuganiza. Zitachitika, anthu ankangofika ndi kuchoka aliyense nthawi yake, aliyense atakakamira njira yakeyake, ndipo lipoti lomaliza silinatuluke n'komwe. Komabe dzina lakuti artificial intelligence linatchuka kuchokera pamenepo, ndipo McCarthy, Minsky, Allen Newell ndi Herbert Simon, omwe anakumana kumeneko, ndiwo anatsogolera ntchitoyi ku Stanford, ku MIT ndi ku Carnegie kwa zaka zambirimbiri. Tsono mundiuze: wowerengera ndalama wa mu 1956 akanalemba kuti msonkhanowo unaphula kanthu, kapena kuti ndalama zinalowa m'madzi? Ndipo ngati phindu la kukumana kotere limadzaoneka patapita zaka 20 kapena 60, amene amapereka ndalama chaka ndi chaka amasiyanitsa bwanji sabata imene yabala ndi imene anthu anangodya tchizi?

Eni akewo zikuoneka kuti sakayika. Dagstuhl yeniyeniyo anaonera kwa akatswiri a masamu, omwe ali ndi nyumba yawo ku Oberwolfach m'nkhalango ya Black Forest kuyambira 1944. Reinhard Wilhelm, mkulu woyamba wa Dagstuhl, anaiyendetsa kuyambira 1990 mpaka 2014. A ku Japan nawo anaonera Dagstuhl n'kuyambitsa misonkhano ya Shonan mu 2011. Ngakhale aphunzitsi a kompyuta a m'masukulu a kuderalo amakhala ndi masiku awo m'chinyumbamo.

Funso limene ndalisunga ndi ili. Ku semina ya Dagstuhl sulembetsa, umachita kuitanidwa. Akatswiri ochepa, kawirikawiri atatu kapena anayi, amalemba pempho lofotokoza mutu ndi mayina a anthu amene akuwafuna, komiti ya asayansi n'kuliunika, makalata n'kunyamuka. Amawalimbikitsa kusakaniza achikulire ndi achinyamata, amayi ndi abambo, a kuyunivesite ndi a kumakampani. Zabwino ndithu. Koma munthu amaitana amene akumudziwa, sichoncho? Ndipo amamudziwira kuti? Kumisonkhano ikuluikulu ija. Nanga amene kumisonkhanoko safika? Mu 2018 ku Montreal, ndiponso mu 2019 ku Vancouver, akatswiri ambiri a ku Africa amene anayenera kukapezeka pa NeurIPS anamanidwa viza ya ku Canada, ena n'kuchedwetsedwa mpaka msonkhano kudutsa. Munthu wotero pamsonkhano sadziwika. Posadziwika, kutchire saitanidwa. Posaitanidwa, sakhala patebulo lija ndi agogo olemba mabuku. Ndiye chaka chamawa sadziwikabe. Timakadi ta patebulo amatisakaniza mwachilungamo, palibe angatsutse. Koma mndandanda wa oitanidwawo amausakaniza ndani?

Chodabwitsa n'chakuti Dagstuhl yomweyi ndi imene imasamala dblp, kaundula wamkulu wa mapepala a sayansi ya kompyuta yemwe Michael Ley anayambitsa ku yunivesite ya Trier mu 1993. M'menemo muli mapepala mamiliyoni ndi mayina a olemba ake, a ku Kampala ndi a ku Accra omwe. Mayina alipo, akusungidwa ndi eni nyumba omwewo. Kodi chimavuta n'chiyani kuti woitana atsegule kaundulayo n'kusankhako awiri atatu amene sanamwepo nawo khofi?

Sindikuti kuno anthu angokhala manja lende. Deep Learning Indaba inayamba mu 2017 pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, ndipo yakhala ikuzungulira m'mayiko a mu Africa. Mu 2023 msonkhano waukulu wa ICLR unachitikira ku Kigali. Koma iyi ndi misonkhano ya chinamtindi cha anthu, yokamvera ndi kuonetsa zakupsa. Ine ndikufunsira mphunzitsi wa pa yunivesite amene kalasi yake imadzaza holo, zolemba za ophunzira zili mulu patebulo, ndipo pa nthambi yonse amene amadziwa gawo lakelo ndi iye yekha. Ganizo lake laliwisi amaling'amba ndani?

Zofunika pa semina yotere ndaziwerenga pa zala: nyumba ya phee, bolodi, chakudya, anthu 30 ndi masiku asanu. Pamenepa palibe chosowa kuno, ndipo nkhalango yokawongolera miyendo ili pa phiri la Zomba pompa. Ndiye ndifunse komaliza, akuluakulu. Titati tiitane aphunzitsi a kompyuta 30 ochokera ku Zomba, ku Mzuzu, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Maputo, popanda mlendo wolemekezeka, popanda ndondomeko yolembedwa, popanda pepala lija loyenda tsiku lomaliza, angabwere angati? Ndipo wopereka ndalama tikamuuza kuti Lachitatu masana tonse tikukwera phiri, tilemba pa mzere uti wa bajeti?