Asibweni, Tipatseni Wezuloyo

Chiyambireni pomwe Mwawi Kumwenda, mwana wa kuno ku Mzimba, adasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, ine ndidadzilonga ukadaulo. Mpira sindinaugwirepo, koma poti boma lathu ndi limodzi, luso likanandilambalala bwanji? Ma Queens atakwapula New Zealand 57 kwa 53 mu 2018, ndidafotokozera anthu pa golosale ku Luwawa ngati ndinali pabenchi, chikhalirecho ndidangomvera pa kawailesi ka mabatire oyanika padzuwa.

Ndiye mwana wa mlongo wanga atabwera kutchuthi ndi anzake a ku koleji ku Mzuzu, nati akusowa woyimbira masewero okonzekera ligi yawo, ndinavomera asanatsirize kupempha. Ndinavala majekete awiri, poti chisanu cha ku Viphya sichiopa udindo, wezulo m'khosi.

Kufika pabwalo, mbali iliyonse atsikana asanu. Ndinawerenga kawiri. Ndinalamula kuti tidikire awiriawiri otsalawo, iwo n'kungoyang'anana. Kukweza maso, kuseri kwa golo akhomako thabwa! Ine ntchito yanga n'kucheka mapaini, thabwa ndimalidziwa, koma loti mpira ukaphonya lizibwezera m'golo ndinali ndisanalione. Mumtima ndinati chinyengo chayambira kwa kalipentala.

Masewero atayamba, mtsikana wina anauyamba ulendo akudunditsa mpira pansi. Pyee! Wayenda nawo. Wina anaugwira kupitirira masekondi atatu. Pyee! Kenaka wina wamtali ngati mlongoti anaponya ali kutalitali, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo. Ndinachikana chigolicho, poti anaponyera kunja kwa malire a ogoletsa. Iwo akuti amenewo ndi mapointi atatu. Chigoli chimodzi kubereka atatu? Ngakhale wakatapila safika pamenepo.

Mwana wa mlongo wangayo anandiyandikira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Asibweni, iyi ndi basiketibolo."

"Ndikudziwa," ndinatero, "ndimakuyesani."

"Chabwino, asibweni. Tipatseni wezuloyo mupumeko."

Anampatsa kamnyamata ka Sitandade 7, kopanda ndi nsapato zomwe, ndipo kanayimbira mpaka kumapeto popanda wodandaula. Ine anandikweza paudindo wotola mpira ukathawira m'mapaini.

Ligi yawo ikuyamba mwezi wamawa ndipo dzulo andiimbira foni kuti akundifuna kwambiri. Akuti ndiwachekere matabwa awiri.