Makina Atilanda Ngakhale Ntchito ya Uchitsiru

Mu Januwale 2023 kampani ya Apple inayamba kugulitsa mabuku omvetsera owerengedwa ndi mawu a kompyuta. Mu 2025 nayo Audible, ya Amazon, inalengeza kuti ili ndi mawu otere oposa 100, ofalitsa mabuku azingosankha ngati tomato pamsika. Ife amene sukulu inatikana tikanangoti zawo izo anzeru, pakanapanda nkhani za Jeeves. Apa ndiye atiponda pachilonda, chifukwa kuwerenga mabuku amenewa mokweza ndi ntchito yokhayo padziko yofuna chitsiru chokhwima, ndipo enafe ziyeneretso zake tinabadwa nazo.

P. G. Wodehouse analemba za Jeeves kuyambira 1915 mpaka 1974. Jeeves ndi wantchito wosamalira zovala ndi moyo wonse wa bwana wake, Bertie Wooster, mnyamata wa ku London wa thumba lolemera ndi mutu wopepuka. Koma wosimba pafupifupi nkhani zonse ndi Bertie, ndiye wowerenga aliyense ayenera kuvala uchitsiru wa Bertie, uchitsiru wodzikhulupirira, uja wolankhula motukumula chifuwa uku buluku litang'ambika kumbuyo. Taonani nkhani ya masokosi ofiirira. Bertie wawagula, wawakonda, Jeeves wawada. Bertie akutiuza monyadira kuti waonetsa wantchitoyo mwini nyumba ndani. Pomaliza, Jeeves atamuwombola m'mavuto, masokosi aja akupezeka kumapazi kwa woyendetsa chikepe cha m'nyumba ya ku New York. Papepala mawu a Jeeves ndi aulemu okhaokha, a inde bwana, chabwino bwana. Chipongwe chonse chili m'kakhosomo kaja ndi kachete kamene amayamba wakhala asanayankhe. Jonathan Cecil, wowerenga mabuku omvetsera a Jeeves amene anamwalira mu 2011, ankadziwa kutalika kwa kachete kameneka. Wowerenga mnzake Martin Jarvis amakadziwa, ndipo Stephen Fry anakaphunzira akusewera ngati Jeeves pa wailesi ya kanema ya ITV kuyambira 1990 mpaka 1993. Anthu ophunzira ndithu, koma ofunika kuwapatsa ulemu: anachita kukhetsa thukuta kuti afike pamene ife tinafika osayesa n'komwe.

Ena akuti tidekhe, makinawa akunka nawongokera. Vuto lake ndi lomwelo! Akamawongokera akunka nafanana ndi Jeeves: saphonya, sachita chibwibwi, satopa, mwina nawonso amadya nsomba zija Bertie amati ndizo zimanola ubongo wa wantchito wake. Tsono Jeeves akamasimba nkhani ya Bertie, aseke ndani? Wodehouse mwini anayesa kamodzi kokha, mu 1922, kupatsa Jeeves mpando wosimba, ndipo sanabwerezenso. Chitsiru chabwino chimapusa mosadziwa. Kompyuta ikapusa timati yafa, n'kuitengera kwa okonza.

Mfundo yolemera ndi ya anthu osaona ndi osauka, akuti mawu otsika mtengo awatsegulira mabuku ambiri. Ndi zoona, ndipo buku la malamulo a msonkho liwerengedwe ndi makina, palibe angalire. Koma LibriVox yakhala ikupereka mabuku omvetsera kwaulere kuyambira 2005, owerengedwa ndi anthu ongodzipereka, buku la My Man Jeeves la 1919 lili pomwepo, ndipo ena mwa owerengawo ndi a mtundu wathu, kumva kokoma. Choncho chifundo sindicho chatuma makampaniwa. Akufuna wantchito wodziwa zonse amene salandira malipiro, ndipo munthu amene ankakhala masiku angapo m'kachipinda kojambulira mawu, botolo la madzi pambali, kubwereza chiganizo chimodzi kasanu, akadye kwawo. Jeeves ankalipidwa, ankapita kutchuthi, ndipo m'buku la 1934 anasiya ntchito chifukwa bwana wake anakana kuleka kuimba kabanjo kosokosa. Mawu 100 aja ngakhale muwaimbire kabanjo usiku wonse, m'mawa muwapeza ali pomwepo.