Ndinkayesa Poland ndi mbale wanga

Ndinalowa mu Europa Universalis IV ndikudzimva kuti za ubale wa mayiko ndimazidziwa, poti mbiri yakale ndinaiwerengako. Gemu imeneyi, yomwe Paradox ya ku Sweden inatulutsa mu 2013, imakupatsa dziko limodzi pa 11 November 1444, ena onsewo n'kumawayendetsa kompyuta. Ndinasankha Brandenburg, kadziko ka ku Germany, ndipo nthawi yomweyo ndinatumiza kazembe ku Poland. Atavomera mgwirizano, mtima wanga unakhala m'malo.

Ndinathamangira kulengeza nkhondo ndi Pomerania, dziko loyandikana nane, ndikuyesa kuti bwenzi limabwera lokha likamva kuti zavuta, osadziwa kuti pankhondo yomwe wayambitsa iwe mwini umafunika ma favors 10, mapointi a kukomerana mtima, kuti mnzako akutsatire, ndipo ma favors amabwera pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka, ndiye asilikali anga anaima okha kumalire, ine maso ali kum'mawa kudikira gulu lankhondo lomwe sindinaliitane n'komwe. Ndinayambiranso.

Ulendo uno ndinaona kuti ukhoza kumukopa mnzako pomulonjeza malo. Ndinalonjeza. Poland anabweradi, anamenya nkhondo yonse, asilikali ake n'kumafera pamalinga pomwe anga akungozungulira kumbuyo, koma pofika pokambirana zamtendere dyera linandigwira, ndinadzitengera zigawo zonse, iye osamusiyira olo chimodzi. Trust, chikhulupiriro chake pa ine, inatsika, mgwirizano unatha. Nkhope inandiyaka ndili ndekha m'chipinda, chifukwa lonjezolo ndinalipereka ndine, ndipo kompyuta inangolikumbukira.

Ndinatembenukira kwa Austria, mfumu ya Holy Roman Empire, ndikuganiza kuti ndi bwenzi lalikulu chotero palibe angandikhudze. Apa ndi pomwe ndinadzikolera kwenikweni. Chigawo chilichonse chomwe walanda chimasiya chidani m'mitima ya oyandikana nawo, chomwe amachitcha aggressive expansion, ndipo chikafika pa 50 dziko lokwiyalo likhoza kulowa mu coalition yolimbana nawe. Mu Empire chidanicho chimakwera msanga, timayiko take n'tambirimbiri, tothinana. Gemu imachenjeza bwinobwino: usanasaine mtendere pamaoneka kachizindikiro, ukaikapo mouse n'kutuluka mndandanda wa onse amene akwiye. Pomaliza nkhondo yotsatira ndinauona mndandandawo, wautali, koma ndinati timayiko totere tingandichite chiyani. Ndinasaina, Austria anandilamula kuti ndibweze malo omwe ndinatenga mosatsata lamulo la Empire, ndinakana, ubale unazirala, Saxony analowa mu coalition, Bohemia naye, kenako mayina anangoti mbwee mpaka ndinasiya kuwawerenga, ndipo tsiku lomwe anandiukira Austria anali ndi ngongole, asilikali ake atatheratu kunkhondo ina. Anakana kubwera.

Ndinakalipa kuti wandipereka. Koma zifukwa zake zinalembedwa poyera kuyambira kale, ngongole, kutopa ndi nkhondo, mtima wake pa ine, chilichonse ndi nambala yake yobiriwira kapena yofiira. Kompyuta imawerengera ngati wogulitsa pagolosale amene amayang'ana kaye m'kope asanakukongoze, ndipo kopelo linali lotsegula pamaso panga nthawi yonseyi. Ndinayesa kunyengerera adaniwo mmodzimmodzi, n'kupeza kuti a mu coalition sungapangane nawo mtendere payekhapayekha. Berlin, likulu langa, inagwa.

Mantha atandilowa ndinachita zosiyana: ndinagwirizana ndi aliyense wovomera, kupyola malire a maubale omwe dziko limaloledwa, ma diplomatic points n'kumadontha mwezi ndi mwezi, ndiye call to arms inayamba kulira, uyu akundiitanira kunkhondo yake, ndisanapume winanso, ndalama zatha, anyamata olemba usilikali atha, mpaka ndinakana kamodzi, prestige inagwa, mgwirizano unaduka, ndipo abwenzi otsalawo anayamba kundikayikira.

Panopa akazembe anga onse ali pa improve relations m'mayiko omwe ndinawakwiyitsa. Chidanicho chimatsika pang'ono chaka chilichonse, ndipo Pomerania sindinaikhudzenso.