Mlandu wa nkhuyu upite ku apilo

Akuluakulu adaweruza kalekale kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chigamulochi chidaperekedwa nkhuyu isanafunsidwe mbali yake, ndipo mpaka lero mwana wa ku Messumba kapena ku Cobue amakula akudziwa kuti chipatsochi n'chachinyengo. Ine ndikupempha kuti bwalo likhalenso.

Tizilombo tambiri timene timanyamuka mukang'amba nkhuyu si nyerere ayi. Ndi timavu ting'onoting'ono, ndipo popanda ito mkuyu sungakhale ndi njere zomera. Maluwa a mkuyu amabisala m'kati mwa chipatso. Kamavu kakakazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga, kothina mwakuti mapiko amathothoka polowapo, kamapaka mungu pa maluwawo, kuikira mazira, n'kufera momwemo. Ana aamuna amabadwa opanda mapiko. Amakwatira mu mdima momwemo, kuboolera akazi njira yotulukira, basi ntchito yawo padziko yatha. Choncho nkhuyu ndi mwini nyumba chabe amene alendi ake amalipira lendi pomugwirira ntchito. Kodi wapalamula chiyani pamenepa?

Wopalamula weniweni amayenda poyera, atatchena. Nthawi ya mango, kuyambira Novembala mpaka Januwale, khalani pansi pa mtengo ku Metangula muyang'anitsitse. Mudzaona kantchentche kachikasu, ka madontho akuda pamsana, mapiko ake olembedwa mizere ngati wina anachita kukhala pansi ndi burashi. Akatswiri amakatcha Ceratitis cosyra, ndipo n'kobadwira mu Africa muno, kokonda mfula ndi mango. Kakatera sikathamanga ngati ntchentche ya kudzala. Kamayenda monyang'wa, kakutambasula ndi kugwedeza mapiko kuti aliyense aone zojambulazo. Kenaka kakakazi kamabaya khungu la mango ndi kansonga ka kumbuyo, n'kusiyamo mazira. Kabalako n'kosaoneka bwino. Mango amapsa, kufiira, kununkhira, mayi wa pamsika n'kuwaika pamwamba penipeni pa mulu. Inu mwapereka ma meticais anu, mwaluma, ndiye mwakumana maso ndi maso ndi mphutsi. Mwayi ndi kuipeza yathunthu. Ikakhala theka, musafunse kumene kwapita theka linalo.

Ngati kuti mbadwayi siinkakwanira, kudabweranso mlendo wochokera ku Asia, ntchentche yotchedwa Bactrocera dorsalis. Adaonekera ku Kenya mu 2003, ndipo mu 2007 adapezeka koyamba mu Mozambique, osati ku Maputo kumene kumafikira alendo olemekezeka, koma kwathu kuno ku Niassa, ku Cuamba. Chiphaso sadaonetse pa chipata chilichonse. Zotsatira zake, zipatso za kumpoto zidaikiridwa ziletso kuti zisamapite kumwera ndi kunja, alimi a nthochi ndi mango n'kutsala manja ali m'khosi.

Njira imene akatswiri amakolera mlendoyu imandichititsa manyazi monga mwamuna. Amaika m'kabotolo mankhwala onunkhira otchedwa methyl eugenol, osakaniza ndi poizoni. Zazikazi zimadutsa osacheuka n'komwe. Zazimuna zimachokera kutali, kukanganirana pakhomo, n'kufera momwemo mulu. Amene adalandirapo uthenga wa pa Facebook kuchokera kwa dona wa chithunzi chowala, wonena kuti wakusowani ngakhale simunaonanepo, ndipo akungopempha ya chapa yochokera ku Lichinga, adziwa kuti botolo limeneli silikolera ntchentche zokha. Achimwene amatumiza ndalama pa foni, amameta, amadikira pa siteji mpaka chapa yomaliza itatsitsa matumba a chimanga ndi agogo awiri.

Chikomekome cha masiku ano chilibe ngakhale ulemu wa nkhuyu, imene mumatha kuing'amba musanadye. Foni yonyezimira ya pa kathebulo mumaidziwa m'kati mwake mwafika kale kunyumba, batire ikamatha musanamalize kupereka moni. Nsapato imakongola mpaka mvula yoyamba. Za malonjezo a nthawi ya kampeni sindinenapo, chifukwa ndikufunabe kukwera boti mwamtendere.

Tsono nyanja yathuyi ili ndi mboni ina imene imautembenuza mwambiwu chadodolido. Mukaima pagombe la Cobue kuyang'ana ku Likoma, nthawi zina mumaona utsi wakuda ukutuluka pamadzi, mlendo n'kuyamba kufunsa ngati sitima ikupsa. Ndi nkhungu zimenezo, makamu a tiudzudzu tosaluma totchedwa Chaoborus edulis. Mphutsi zake zimakulira m'madzi akuya, usipa ndi nsomba zina zikudyako, ndipo zotsala zimatuluka pamodzi kukakwatirana m'mlengalenga. Mphepo ikazikankhira kumtunda zimalowa m'maso, m'mphuno, mu ndiwo, ndi m'kamwa mwa aliyense wokonda kulankhula. Palibe amene adazijambulapo kuti aike pa khoma. Koma amayi amazikola ndi lichero kapena dengu lonyowa, kuzikanda, kuziumba timitanda, kuziyanika, ndipo nsima imatsetsereka. David Livingstone adazipeza zikudyedwa m'mbali mwa nyanjayi mu 1861, adalawa, nazifanizira ndi dzombe. Kanyama konyansa maonekedwe kamadyetsa mudzi, kokongola mapiko kamaolesa mango, koma mwambi ukulondalondabe nkhuyu.

Alangizi a zaulimi amati mankhwala otsika mtengo a ntchentche ya mango ndi kutola mango onse ogwa, kuwakwirira m'dzenje lakuya kapena kuwamanga m'jumbo lakuda n'kuliika padzuwa, chifukwa mphutsi ikatuluka mu chipatso imalowa m'dothi kukasanduka ntchentche ina. Malangizowo ndi abwino, vuto lake ndi loti ntchentche siidziwa malire a munda. Inu mutola mpaka msana kuwawa, pamene a neba anu ali pa mkeka pansi pa mtengo wawo, mango oola ali mbwee, iwo chala chili pa foni, akufunsa dona uja ngati ndalama ya chapa yafika.