Tsiku Limene Ndinayesedwa pa Sikelo

Ine amene kwa zaka zambiri ndakhala ndikutchedwa bwana ndi onse odzajambulitsa mapepala pa kashopu kanga ku Limbe, ndinavala jekete m'mawa wina ndi kupita kwa ogulitsa makompyuta kukafunsa mtengo wa seva, ndiyo kompyuta yaikulu yosungira mafayilo a makompyuta ena onse, pakuti mlamu wanga anali atandiuza kuti wabizinesi wopanda seva ali ngati mfumu yopanda nkhokwe.

Mnyamata wa pakauntala, atandilonjera ndi ulemu wonse, anafunsa kuti, "Kodi achikulire muli ndi mipando ingati?" Ndinayankha modzitama kuti inayi, ngakhale umodzi ngwothyoka mwendo, kuphatikizapo benchi la makasitomala. Iye anayamba watsokomola pobisa phwete, kenaka nandifotokozera kuti kwa iwo mpando ndi munthu wogwiritsa ntchito kompyuta, ndi kuti opanga zinthuzi amagawa ogula m'magulu monga mwa kuchuluka kwa anthu otere, osati monga mwa kukula kwa mimba ya mwini bizinesi. Anati Microsoft inali ndi Small Business Server ya anthu osapitirira 75. Mu 2008 inatulutsa Essential Business Server ya mabizinesi apakatikati, a anthu kufikira 300, koma inaleka kuigulitsa mu 2010. Ndipo Windows Server Essentials imalola anthu 25 okha. Akuluakulu a antchito zikwizikwi ndiwo amatchedwa enterprise, ndipo amenewo wogulitsa amachita kuwalondola ku ofesi kwawo, sawadikira pakauntala ngati ife.

Ndinawerenga anthu anga pa zala: ine, mayi akunyumba amene amasunga ndalama, ndi mwana wa mlongo wanga amene amabwera sukulu ikatsekera. Ngakhale ku Ulaya, kumene bizinesi ya antchito osakwana 50 amaitcha yaing'ono, ndi ya osakwana 10 yaing'onong'ono, ndikadakhala pansi penipeni, monga Zakeyu wosowa mkuyu wokwerapo. Ndinayesa kuwonjezerapo mlonda wa usiku amene timasonkherana mashopu asanu ndi imodzi, koma mnyamatayo anandikumbutsa mofatsa kuti mlondayo chida chake ndi chibonga.

Poti safunsa anadya phula, ndinafunsa dzina la gulu langa. "Bambo," anatero monong'ona, "inu ingogulani fulashi." Ndinagula ndithu, ndi kuiponya m'thumba la jekete, ndipo pofika kushopu ndinapeza mayi atasesa kale pangodya, akufunsa kuti seva ija ikubwera pa galimoto yanji, kuti aitane anyamata odzatsitsa.